Osathira Sitachi

Uthenga unafika Lachitatu masana, a Simbi ali mkati mosita nsalu zoyala pabedi. Anapukuta manja paepuloni n'kupereka foni kwa Wailesi, mnzawo wa pamakina ochapira, kuti awawerengere, poti magalasi anali atawaiwala kunyumba. Kumeneko kunali kulakwa koyamba, chifukwa chimene wamva Wailesi yamva nyumba yonse.

"Tamverani nonse!" anakuwa Wailesi, kuposa phokoso la makina. "Kadona akuti: 'Amayi, tifika Lachisanu. Loweruka tikutengani. M'mawa tikakhala ku gofu, masana tikaona mathithi. Tibwera ndi abwana a amuna anga ndi akazi awo, ndiye chonde mudzavale motere: malaya oyera a kolala, siketi ya khaki yofika m'maondo, nsapato zafulati zofewa kunsi, chipewa cha dzuwa, ndi kajuzi kopepuka poti kumathithi kumazizira. Jinzi salola. Suti yanu ya kutchalitchi ija ayi.'"

Nyumba yonse inafa ndi phwete. A Simbi anaseka nawo, nalanda foni yawo.

"Mwana ameneyu! Aphunzitse ine za malaya a gofu? Amene ndasita ine atha kudzaza lole."

Sankanama. Dzina loti Simbi linawakakamira chifukwa kwa zaka zoposa makumi awiri ankaima patebulo limodzimodzi, m'chipinda chapansi cha nyumba yochapira zovala za mahotela atatu. Windo linali limodzi, laling'ono, lolingana ndi msewu, moti anthu odutsa ankangowaona mapazi. Malaya a alendo osewera gofu ankawadziwa ngati zala zawo: ankafika m'matumba, akununkha thukuta ndi mafuta a dzuwa, kolala ili bii, n'kuchoka ali mbee, opindidwa bwino. Chimene anali asanaonepo ndi malayawo ali pathupi la mwiniwake.

Kadona anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Anakulira pansi pa tebulo lomwelo, akaweruka kusukulu ankalembera homuweki pamulu wa matawulo. Anapita kunja kukaphunzira, anakwatiwa komweko, ndipo ukwati wake a Simbi anangouonera pafoni. Tsopano zinali zitakwana zaka zisanu ndi ziwiri asanamugwire dzanja. Gofuyo analibe naye ntchito, mathithi ngakhale pang'ono. Iwo ankafuna chinthu chimodzi: aime pambali pa mwana wawo pamaso pa anthu olemekezekawo, amve pakamwa pake pakutuluka mawu akuti, "Awa ndi amayi anga." Akangomva zimenezo, zaka zonse za nthunzi ndi msana wowawa zidzakhala kuti zinali ndi mutu.

Lachinayi ataweruka anazungulira pakaunjika mpaka anapeza zonse za pamndandanda. Lachisanu anatsalira pantchito anzawo atapita. Za alendo ankangozidutsitsa simbi mwachangu, kapitawo ali pakhosi, koma zawozi anazisita mmene mtima wawo unkafunira kuyambira kalekale. Anathira sitachi wokwanira. Anayamba ndi kolala, kunsi kenako pamwamba, mpaka inaima yokha. Pamikono anatulutsa mizere yakuthwa, pasiketi mizere iwiri yowongoka kuchokera m'chiuno. Atazipachika anabwerera m'mbuyo n'kuziyang'ana, ndipo kunena zoona anadzinyadira.

Loweruka m'mawa kunabwera galimoto ndi dalaivala yekha. Enawo, akuti, anali atatsogola. A Simbi anakhala chowongoka ulendo wonse, msana osakhudza mpando, kuopa makwinya. Malaya anali atawapisira bwinobwino musiketi, mabatani onse otseka mpaka pakhosi, kajuzi kali pamiyendo.

Pakhomo la kalabu ya gofu mlonda anawaimitsa.

"Mayi, antchito amalowera kuseri uko. Mwayamba lero?"

"Ndine mlendo, bambo."

Mlonda anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, anayang'ana papepala lake, n'kupepesa ndi pakamwa pokha. Atangolowa, a Simbi anaona chimene chinamusokoneza. Atsikana operekera zakumwa pakhonde onse anali m'malaya oyera a kolala ndi masiketi a khaki, opisira, otseka mpaka pakhosi, mizere ili nga. Mayunifomu amenewo eniake ankachapa okha kunyumba, n'chifukwa chake anali asanadutsepo patebulo la a Simbi. Nanga alendowo? Malaya achikasu, obiriwira, ofiirira, ofewa ngati ogonera, olendewera kunja, ena makwinya a musutikesi akuonekerabe. Munthu wolemera, kani, savutika n'kuoneka waudongo. Mizere ndi ya amene akuopa kuchotsedwa ntchito.

"Amayi!"

Kadona anabwera chothamanga, atanenepa pang'ono, ali m'malaya achikasu otuwirako. Anawakumbatira zenizeni, ndipo misozi inali yeniyeni, tisamunamizire mwana wa eni. Koma pokumbatirapo sitachi analira kuti khwaa, ngati pepala. Kadona anabwerera m'mbuyo, maso ake anatsika pamizere ija, anapita pakhonde pa atsikana aja, n'kubwereranso. 

Akamwini anali munthu wamtali, waulemu. Anavula chipewa, anagwira dzanja la a Simbi ndi manja awiri.

"Amayi, takondwa kwambiri. Tikhala pansi bwinobwino masana. Pepani, abwana akundidikira uko." Ananyamula chikwama cha ndodo n'kuthamangira kumene kunaima bambo wina wa mimba yake.

Apa m'pamene anatulukira akazi a bwana, mayi wa magalasi akuda ndi zibangiri zolira. Anali akupukuta m'khosi ndi tawulo. Osayang'ana n'komwe nkhope, anatambasula dzanja n'kupereka tawulolo kwa a Simbi pamodzi ndi botolo lopanda kanthu.

"Mundidzazire madzi, ozizira bwino."

Pakanakhala mphindi yoganiza, a Simbi akanabisa manja kumbuyo. Koma manja a zaka makumi awiri safunsa mutu. Analandira tawulo lija, analikutumula kamodzi, analipinda patatu, n'kuliwongola m'mphepete ndi chikhatho, monga amachitira ndi matawulo mazana tsiku lililonse. Pamene ankazindikira, linali lili pamkono pawo, lopindidwa mwa hotela.

"Taonani kupinda kwake!" anatero akazi a bwana, akugwira Kadona paphewa. "A pano amawaphunzitsa bwino, osati athu aja. Awa tiyenda nawo?"

Mpata unali umenewo. Sunali waung'ono ayi, munthu akanatha kunena mawu anayi n'kupumira. A Simbi anayang'ana pakamwa pa mwana wawo. Anaona milomo ikutseguka, ikutsekeka, ikumwetulira.

"Ee," anatero Kadona. "Atithandiza lero."

Anapita kukadzaza madziwo. Mtsikana wina wa pakhonde anawalozera pampopi, n'kuwanong'oneza kuti akasamale ndi mayi ameneyo, amavuta. A Simbi anathokoza.

M'mawa wonse anayenda kumbuyo kwa anthu anayi, paudzu wosalala ngati kapeti, tawulo pamkono, botolo m'manja, kajuzi kawo kali m'khwapa. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, kumenya kampira n'kukatsatira, kukapeza n'kukamenyanso. Dzuwa linakwera, sitachi anayamba kuwaluma m'khosi. Akamwini atazindikira zimene zikuchitika, nkhope inagwa. Anayang'ana mkazi wawo, mkazi anapukusa mutu pang'ono, ndipo ulemu wa manja awiri uja unathera pomwepo. Kuyambira apo ankangoyang'ana nsapato zawo. Kadona yekha ankaseka nthabwala iliyonse ya abwana, kuseka kwina kwake kwa pamwamba kumene a Simbi anali asanamvepo.

Chinawawawa si tawulo. Matawulo a anthu ananyamula moyo wawo wonse ndipo sanachitepo nawo manyazi, ndiwo anaphunzitsa mwana. Chinawawawa n'chakuti bodza lija linatuluka mosalala, losapunthwa, ngati linali litakonzedwa kale n'kumangodikira tsiku lake.

Atamaliza kusewera, Kadona anawakokera kuchipinda cha amayi chosinthiramo, anasuzumira ngati mulibe munthu, n'kutseka chitseko.

"Amayi, nanunso! Sitachi wachiyani? Ndani amathira sitachi malaya a gofu? Tulutsani malayawo musiketi, masulani batani lapakhosilo. Mukuoneka ngati..."

"Malizitsa."

"Amayi, chonde."

"Ndati malizitsa. Ndikuoneka ngati chiyani?"

Kadona anayang'ana pagalasi m'malo moyang'ana iwo.

"Zinangochitika mwadzidzidzi. Ndikanati ndinu amayi anga, mayi aja akanachita manyazi, ndipo munthu ameneyu akachita manyazi sakhululuka. Amuna anga akudikira kukwezedwa chaka chino. Ndiwauza kumathithi, tikakhala pansi."

"Ukawauza kuti chiyani? Kuti wantchito uja wasanduka mayi ako panjira?"

"Mukanangovala mmene ndinanenera..."

A Simbi anatulutsa foni m'thumba la siketi n'kuiika pasinki.

"Werenga. Malaya oyera a kolala. Siketi ya khaki. Nsapato zafulati, chipewa, kajuzi. Chimene ndaphonya n'chiti? Ndangowonjezapo manja anga basi. Ndiwo akuchititsa manyazi, eti? Omwewa ankakusitira yunifomu, aphunzitsi n'kumakuimiritsa kutsogolo kuti anzako aonere. Nthawi imeneyo mizere sunkadana nayo."

Kadona anayamba kulira, koma ankalira mosamala, akupukuta pansi pa maso ndi nsonga ya chala kuti zodzola zisawonongeke. Kunja kunamveka zibangiri ndi mawu oitana dzina lake. Anatembenukira kuchitseko asanaganize n'komwe, ndipo a Simbi anaona kuti nkhani yatha. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, koma mwambi sugwira munthu amene dzanja lili kale pachitseko.

"Pita, akukuitana," anatero. Anaika tawulo lija pasinki, lopindidwa patatu, natenga foni yawo.

Anatulukira khomo lakuseri, la antchito, podutsa migolo ya zinyalala ndi makatoni a mabotolo. Palibe anawafunsa kanthu. Mubasi anatsamira mpando ndi msana wonse. Foni inalira kanayi, kenako inasiya.

Lolemba Wailesi anawadikirira pakhomo penipeni.

"Alendo athu afika! Tatiuzeni, mathithi anali bwanji? Zithunzi zili kuti?"

"Mathithi ndi madzi basi, Wailesi. Pano tilibe madzi?"

Wailesi anawayang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito anazima yekha.

Cha m'ma teni galimoto ya kampani inatsitsa matumba a kumahotela. A Simbi ankamasula limodzilimodzi, kuwerenga kapepala ka pathumba, kusiyanitsa zoyera ndi zamitundu. M'thumba lachisanu munatuluka malaya achikasu otuwirako. Paphewa lakumanzere panali kadontho ka mafuta a tsitsi, pomwe mutu wawo unatsamira powakumbatira paja. Anavala magalasi n'kuyang'ana kapepala. Pansi pa nambala ya chipinda, pamzere wa zofuna za mlendo, panalembedwa mawu awiri: "Osathira sitachi."

Kalembedweko ankakadziwa. Zilembo zopendekera kumanzere zija zinaphunziridwa pamulu wa matawulo, mapazi awiri kuchokera pomwe anaimapo. Kaya mwanayo anaiwala kuti zovala za hotela imeneyo zimachapidwa kuti, kaya ankakumbukira bwinobwino, a Simbi sanathe kudziwa chowawa kwambiri pa ziwirizo.

Malayawo atachapidwa n'kuuma, anawayala patebulo. Botolo la sitachi linali pomwepo, pafupi ndi dzanja lamanja. Analigwira. Akanatha kuwaumitsa ngati katoni, kutulutsa mizere yocheka chala, kutseka mabatani mpaka pakhosi, kuti naye akawavala, wina amutume madzi. Mtima unafuna, ndipo unafunitsitsa. Koma anali asanawonongepo chovala cha munthu chiyambire, ndipo sakanayambira pa ichi. Anabweza botolo pashelefu, anachepetsa moto wa simbi, n'kusita mofewa, kolala yogona, mikono yopanda mzere, monga mwini anafunira.

Wailesi, akudutsa ndi dengu, anaima.

"Koma ndiye mukuwasisita malayawo ngati khanda. Ndi a ndani?"

A Simbi anapinda mkono umodzi, anapinda winawo, anaika malayawo m'pulasitiki n'kumata kapepala kaja pamwamba.

"A mlendo," anatero, nakoka thumba lotsatira.