Mkonono wa Edita

Boaz anapeza mkazi wake Edita akusinza pabenchi lake kumsika, mutu atautsamiritsa pathumba la mtedza, dzuwa lili paliwombo. Vailet, mnzake wa tomato, ndiye ankamugulitsira.

"Alamu, mkaziyu mumamulimitsa usiku?" anaseka Vailet.

"Mufunseni mwini wake," anatero Boaz. "Chikulireni mimbayi, akuliza mkonono ngati chigayo. Ine ndinathawira pabalaza."

Edita anadzidzimuka. Nkhope yake inali itatupa ngati walumidwa ndi njuchi, ndipo patapata anali atavula chifukwa ankamuthina.

"Mutu ukundiwaza," anatero. "Ndikuonanso tinyenyezi tikuthwanima m'maso."

Vailet anasiya kuseka.

"Mng'ono wanga anaonanso tinyenyezi tomweto, lero kulibe. Zengerezu adalinda kwawukwawu, alamu. Pitani naye kukiliniki tsopano lino."

Koma Boaz anabwera atatumidwa. Amayi ake, a Yosefina, anafika dzulo lake kuchokera ku Tamanda, ndipo ankadikira kunyumba ku Nabvutika. Dzulolo ataona mapazi otupa a mpongozi wawo, anagwedeza mutu. "Utsi sufuka popanda moto. Wapakati akatupa chonchi, ndiye kuti mwamuna akuyenda kumbali. Kamutenge, uulule pamaso pake, timumwetse mankhwala."

Boaz sanayendepo kumbali. Komabe ankadziwa kuti akapanda kubwerera kunyumba, amayi ake adzati wathawa mlandu. Anayang'ana Edita akupapasa m'mphepete mwa benchi kuti aimirire, ndipo anatuluka kukaimitsa takisi.

Kukiliniki nesi anayeza bipi, n'kuyezanso mkono winawo. Atayeza mkodzo anatseka chitseko.

"Bambo, akazi anu amagona bwanji?"

Boaz anasiya nthabwala ya chigayo ija n'kunena zoona.

"Amaliza mkonono, kenaka zii, ngati mpweya watha. Kenaka amadzambatuka akubanika. Kanayi, kasanu usiku umodzi."

"Kuyambira liti?"

"Miyezi iwiri yapitayi."

"Mayi, kusikelo munanenapo?"

Edita anazolika. "Mkonono n'chinthu chokauza anesi? Kunyumba amandiseka kale."

"Kusagona bwino ndi mkonono umene wayamba ndi mimba, kawirikawiri zimayendera limodzi ndi bipi ya apakati," anatero nesi akulemba kalata. "Sindikuti tulo ndi tomwe tayambitsa, ayi, koma thupi linkachenjeza. Bipi yakwera kwambiri, mkodzo nawo suli bwino. Tikachedwa, mayi akhoza kugwa ngati wakhunyu. Ndiwabaya jekeseni, ambulansi iwatengere kuchipatala chachikulu. Mwina mwana amutulutsa masiku asanakwane."

Boaz anakumbukira mmene ankavindikirira mutu ndi pilo pabalaza paja, kuti phokosolo lisamusokoneze. Anatulutsa foni n'kuimbira amayi ake.

"Amayi, sitibwera kunyumba. Mlandu wanga udikire. Ngati mukufuna kundifunsa, mundipeze kuchipatala chachikulu. Mutenge zitenje ndi beseni."

Atalankhula a Yosefina, mawu awo anali atatsika.

"Mwanayo akusuntha?"

Boaz anatembenukira kwa mkazi wake n'kumufunsa. Edita anaika manja onse awiri pamimba, natsinzina.

"Dikirani," ananong'ona.

Nesi anasiya kulemba. Onse atatu anadikira.