Ayamba Liti Kumudula?

Woweruza atagamula kuti bambo a mwana wanga azitipatsa chithandizo mwezi ndi mwezi, ine ndinafunsa chinthu chimodzi basi: "Ayamba liti?"

M'khoti anthu anaseka. Mlamu wanga, mlongo wake wa mwamunayo, anachita kukweza mawu kuti ndimve. "Taonani dyera! Inki sinaume n'komwe."

Dyera lanji, mayi iwe? Ine ndinkafuna kudziwa tsiku lothawa. Mwamuna uja ungamutukwane, amangoseka, koma ukhudze malipiro ake uone. Mpata uli m'mano mwangamu ndi mboni.

Kalaliki wa khoti anandifotokozera bwinobwino. "Lamulo layamba kugwira ntchito lero, mayi. Ndalamazo azidula kuntchito kwawo, kuyambira malipiro a mwezi uno."

Ndiye ndinapangana ndi akulu anga kuti Loweruka adzatitenge, ine ndi mwana, mwezi usanathe, iye asanaone kuti amudula.

Lachisanu masana ndinali pa makina anga osokera, chitseko chokhoma, mpando nditatsamiza pomwepo. Panja mkazi wa neba, amene mwamuna wake amayendetsa malole pakampani imodzi ndi bambo a mwana, ankauza mnzake mosangalala: "Lero tidya nyama! Mwezi ukathera Lamlungu amalandiriratu Lachisanu."

Phazi linauma pa chopondera. Mayo ine! Zimenezi ndimazidziwa, zaka zonse zija ndinkadikira Lachisanu lotere dengu lili m'manja. Ndinaiwala bwanji, chitsiru ine?

Ndinaimbira akulu anga, foni kumangoitana. Ndinaponya yunifolomu ya mwana m'chikwama, zipi n'kukana. Ndinali ndi mantha, mantha enieni.

"Vala nsapato msanga," ndinauza mwana. "Tikupita kwa amayi aakulu. Tidzera kuseri."

Ndili chiweramire pa chikwamapo, ndinamva likhweru pageti. Lija lomwe, lalitali kenako lalifupi, limene bambo ake ankaimba akabwera ndi maswiti. Masiku obwera ndi zibakera ankaimbanso lomwelo, koma mwana masiku amenewo ndinkamugoneka msanga.

Ndinatembenuka kuti ndimugwire pakamwa. Anali atakankha kale mpando uja, nsapato imodzi kuphazi, kadzanja kali pa kiyi.

"Amayi, adadi abwera!" anakuwa, nkhope ili ngwee.

Ndipo kiyi anamupotoza bwinobwino, mmene ndinamuphunzitsira ndekha.