Ng'oma Itakana Kuitana

Nason anali ndi mkwiyo wokwanira komboni yonse ya Chawama. Fakitale yomwe ankagwirako ntchito itatseka zipata, anatsala ndi manja awiri ndi ng'oma yaikulu ya gulu lovina la a Kapembwa. Nsanamira ya gululo anali mlongo wake, Felistus. Mtsikanayo akayamba kuvina, ngakhale ogulitsa makala ankasiya matumba n'kudzasuzumira pawindo. Koma bondo lake lamanzere linali litatupa ngati dzungu, poti ankayeserera pa simenti ya holo yakale ya m'komboni, mapazi ali pamtunda.

A Kapembwa, amene anasiya kuvina chimerere mimba, anali ndi mankhwala awoawo: kuthowa ndi madzi otentha, kutema mphini ndi lumo, kenaka "tiye, nyamuka". Nason atatopa nazo, anamukokera mlongo wakeyo kwa mayi Philomena a kutchalitchi kwawo, amene kuchipatala ankagwira ntchito yowongola ndi kulimbitsa ziwalo za ovulala.

Mayiwo sanachulutse mafunso. Anamuimiritsa panjerwa ndi mwendo umodzi, namuuza kuti atsike pang'onopang'ono. Bondo linapindikira mkati, Felistus n'kugwira khoma. Atamugoneka pamphasa anamukoka msongolo, ndipo unasuntha ngati dirowa ya kabati yakutha.

"Mtsempha wa mukati wang'ambika, wasala pang'ono chabe," anatero mayi Philomena. "Ukapumula na kuchita vamene nizakuonesa, uzavina futi. Koma ukajumpa manje, uzayenda na ndodo. Na manzi yakupya muleke, yaonjezela kutupa."

Felistus anangoti, "Namvela." Maso ake anali kwina. Loweruka kunali kubwera bwana wa hotela ina ya m'tauni kudzasankha gulu lovinira alendo sabata ndi sabata. M'zaka zimenezo, pamene anthu ankapsa ndi dzuwa pamzere wa ufa n'kubwerako chimanjamanja, ntchito yotere inali moyo.

A Kapembwa atamva za mayi Philomena anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Bamayo ba mu chechi ndiye bazamudyesa? Iwe Nason, nchito yako ni ng'oma chabe."

"Nanga mwendo ukatyoka, imwe ba Kapembwa, muzamupasa wanu?"

"Azavina. Nakamba."

Nason anabwerera ku ng'oma yake. Ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, ndipo bambo ameneyu akanamuliza mlongo wake mpaka kutha. Tsono gule wawo anali ndi lamulo lake: pachimake ng'oma yaikulu imaitana, wovina n'kulumpha, kuzungulira m'malere, n'kutera chonyonyomala pomwe ng'omayo yamenya komaliza. Popanda kuitanidwa palibe amalumpha. Nason anatsimikiza mumtima kuti saitana, ndipo sanauze munthu.

Loweruka masana holo inadzaza. Bwana wa hotela, wa tayi yofiira, anamukhazika pampando umodzi wokha wamiyendo yokwanira. Felistus analowa atamanga bondo ndi nsanza mkati mwa chitenje, navina moti amayi anayamba nthungululu nthawi isanakwane. Nason ankaona zimene ena sankaona, kuti thupi lonse la mlongo wake likulemera kumwendo wamanja. Ankamenya chikopa ngati akumenya a Kapembwa.

Chimake chinafika. Felistus anatembenukira kwa mchimwene wake, nadikira. Nason anapitiriza kuliza wamba. Mtsikanayo anazungulira bwalo, nabwereranso, nadikiranso.

"Itana, galu iwe!" a Kapembwa ananong'ona mano ali gwa.

Apo mpamene Nason mtima unamuphulika. Anasanjika zikhatho zonse ziwiri pachikopa. Ng'oma zing'onozing'ono zinadodoma, n'kuleka nazonso. Holo yonse inangoti zii.

Felistus anaima pakati, thukuta lili kamukamu, akumuyang'ana mchimwene wake ndi maso amene Nason anali asanawaonepo.

"Ba Nason, lizani."

"Sinizaliza. Unamvela vamene banakamba ba Philomena."

"Mwendo ni wanga! Imwe nchito mulibe, ku nyumba kulibe unga. Tizadya bondo?"

"Nakana."

Bwana wa hotela anayang'ana wotchi, nayamba kudzuka. Felistus anamuona. Anabwerera m'mbuyo, nathamanga, nalumpha yekha popanda womuitana. Anakwera kuposa masiku onse, chitenje chikuuluka, nazungulira m'malere. Koma panalibe ng'oma yomuuza potera, ndipo anafika pasimenti thupi lisanamalize kutembenuka, mwendo wamanzere uli patsogolo.

Bondo linalira kuti thwa! Poti munali zii, aliyense analimva, mpaka a pawindo.

Nason anakankha ng'oma, nathamanga. Kumbuyo kwake a Kapembwa anali atamugwira kale mkono bwana uja. "Nkalani pansi, bosi, tili na mtsikana winangu. Mainess, ngena!"

Felistus sanalire. Anagona chammbali atagwira bondo, milomo itayera. Nason atagwada kuti amunyamule, mlongo wakeyo anamumenya dzanja.

"Musanigwile," anatero mwaukali. "Mukanaliza, sembe naziba potela."