Batire la Atate

A Abson anali atalitulutsa kale batire m'kachisakasa pamene Keziah anaona dzimbiri pa mtanda.

Linali tsiku lachinayi chiikireni maliro a bambo ake, a Sanford. Anthu anali atabalalika. Pabwalo panatsala mafuwa akuda, mabenchi a ku tchalitchi osabweza, ndi mulu wa katundu amene achibale a kuchimuna anagwirizana kuti apite naye kwawo ku Petauke: njinga, wailesi, majekete awiri, ndi batire la galimoto limene linkaliza wailesiyo. Amayi ake, a Mainess, mbadwa ya pa Bundabunda pomwepo, anakhala pamphasa ndi mutu wometa, osatsutsa kanthu. Anali atalira mpaka mawu kutha, ndipo mphamvu zolimbirana njinga analibe.

Mtandawo unali wachitsulo, wotalika ngati mkono, ndipo unatsamira khoma la khitchini. Keziah anagwada. Timadontho tofiira tinali titamera paliponse pamene mame anagwera usiku.

"Waona mwamene mtanda wawalira?" anatero a Clotilda, mlongo wa bambo ake, akumanga mtolo wa zovala. "Ninaupeza mu saka dzulo, wotuwa monga mbale ya galu. Nati mlongo wanga sangagone pansi pa chinthu cha dothi so. Nakwecha na mchenga na phulusa, kutsogolo na kumbuyo, mpaka zala kuwawa."

Keziah anamva misozi ikubwera, koma inalephera kutuluka. Kutuwako sikunali litsiro. Inali zinki.

A Sanford anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'fakitale ina ku Lusaka, akumiza mabawuti m'matanki a mankhwala odutsamo magetsi kuti zinki imate pa chitsulo, chisachite dzimbiri. Anabwerako ndi chifuwa chimene chinawapha pang'onopang'ono, komanso ndi manja osatha kukhala chete. Kumudzi ankachita ntchito yomweyo ndi ndowa ya pulasitiki, viniga, mchere ndi zikopa za mabatire akutha a tochi. Anthu ankabwera ndi mabawuti a pulawo ndi zotsekera zitseko, ena kungobwera kudzaseka. Mwana wawo yekhayo, Keziah, ndiye ankakhala nawo m'kachisakasamo akaweruka, chifukwa mmenemo munalibe womufunsa mafunso. Ngakhale kusukulu, kumene anali atangomaliza Fomu 3, akadziwa yankho ankayang'ana pa desiki.

Mtandawu anaupanga limodzi miyezi isanu yapitayo. A Clotilda sankadziwa kuwerenga, n'chifukwa chake anangoganiza kuti ndi wa mlongo wawo.

Keziah anayang'ana kumwamba. Mitambo ya Novembala inali itayamba kusonkhana. Chitsulo chosavala chikananyowa ndi mvula imodzi, pofika chaka chamawa dzina lolembedwapo likanadyeka. Kuti auveke zinki kachiwiri pankafunika batire lija, ndipo batirelo linali kupita.

"Fulumirani, Clotilda," anatero a Abson, mng'ono wa bambo ake, akumangirira batire pa kaliyala ya njinga. "A tcheyamani a chipani anatipemphera malo pa lole ya chimanga. Langford, dalaivala uja, anati akafika pa mphambano aliza hutala kawiri chabe. Tikaiphonya, tizagona pa msewu masiku atatu kuyembekeza basi."

Keziah anaimirira, nayenda mpaka pa njinga, nagwadanso.

"Atate aang'ono."

"N'chani?"

"Nipempha batire."

A Abson anamuyang'ana, kenako anayang'ana amayi ake. "Alamu, ndimwe mwamutuma? Dzulo munakhala zii pamaso pa anthu, lelo mutumiza mwana?"

"Sin'natume munthu, ba mulamu," anayankha a Mainess osadzutsa mutu. "Tengani vonse. Nalema."

"Sinifuna kulisunga," anatero Keziah, maso ali pa tayala. "Maola awiri chabe. Mtanda wavula."

"Wavula!" A Clotilda anaseka koyamba chifikireni. "Unavala chitenje kansi?"

Keziah anakatenga mtanda, naupereka ndi manja awiri. A Abson anaulandira monyinyirika, nautalikitsa pang'ono kuti maso aone bwino zilembo zokhomedwa ndi chitsulo. Milomo yawo inayenda. TISAUKE ZIMBA. Linali dzina la amayi awo.

Nkhuku ina inadumphira pa benchi.

Aliyense ankaidziwa nkhaniyo, ngakhale pa maliro onse palibe amene anaitchula. Agogo a Tisauke atamwalira zaka zitatu zapitazo, a Sanford sanapite. Uthenga unawapeza mochedwa, ndipo kapitawo wa kuntchito anawakaniza. Pambuyo pake manyazi anawamanga miyendo, ndipo chaka chilichonse ankati apita akakolola.

"Chitsulo," anatero a Abson. "Ine ninakumba manda na manja aya. Nakhoma bokosi nekha, anthu anifunsa ati mkulu wako ali kuti. Iye zaka zitatu zii, manje atitumizira chitsulo?"

"Anati azapereka okha," ananong'ona Keziah. "Anati mtanda wa mtengo uja chiswe chinadya kale. Anamva kwa anthu."

"Chinadyadi," anatero a Clotilda pang'onopang'ono, akuyang'ana zala zawo zosupuka. "Mayo ine. Nachita chani?"

A Abson anayang'ana dzuwa, anayang'ana njira ya ku mphambano. Kenako anamasula chingwe mwaukali, ngati batirelo lawalakwira.

"Ola limodzi. Osapitirira."

M'kachisakasa munkanunkhabe viniga ndi fodya wa bambo ake. Keziah anachotsa timadontho tija ndi pepala la mchenga, natsuka mtanda ndi soda, naugwira ndi waya wokha. Bambo ake ankati mafuta a chala chimodzi amakwana kuti zinki ikane kumata. Anapachika zikopa za mabatire mbali ina ya ndowa ya viniga, mtanda mbali inayo, mutu wake pansi chifukwa ndowayo inali yaifupi. Pa waya wina panali kababu ka galimoto kochepetsa mphamvu. Atalumikiza, kababuko kanayaka mofooka, ndipo timathovu tinayamba kukwera pa chitsulo.

A Abson anakhala pa chitsa pakhomo, atafulatira theka. A Clotilda anaima kumbuyo kwawo ndi mtolo pamutu. Pang'ono ndi pang'ono dzina la agogo linayamba kuphimbika ndi kuyera kofatsa, konga kwa mitambo.

"Basi, kwatha," anatero a Abson ola litakwana. "Chotsa."

"Kwatsala phazi."

"Phazi liloweratu m'dothi, ndani azaliona?"

"Atate anali kukamba ati kwamene kuli m'dothi ndiye kuyamba kudyeka. Kumeneko anali kusiya nthawi yaitali kupambana."

Chapatali, kupitirira minda, hutala inalira. A Clotilda anagwira mtolo wawo. "Abson, ni Langford uyo."

A Abson anadzuka. "Chotsa, iwe mwana. Nizapaka penti kumudzi."

Keziah anatulutsa mtandawo ukudontha. Ankadziwa kuti penti imakanganuka. Anangoutembenuza pa waya, phazi lake n'kuyang'ana kwa atate ake aang'ono.

Kumbuyo kwa phazilo, pansi penipeni, pamalo oti dothi likawakwirire, panali tizilembo ting'onoting'ono. A Abson anawerama.

ABSON ANAIKA. SANFORD ANACHEDWA.

Hutala inaliranso kachiwiri, motalika.

A Abson anakhala chiweramire. A Clotilda anafunsa kuti palembedwa chiyani, koma a Abson sanachotse maso pa zilembozo. Patapita nthawi, phokoso la lole linamveka likukwera chitunda, kenako linazilala. A Clotilda anatsitsa mtolo, naukhalira.

A Mainess anali atafika pakhomo osamveka. "Usiku wamene anakhoma ivo anakhosomola mpaka m'mawa," anatero. "Ninawauza kuti alembe kalata chabe. Anati kalata inyowa."

A Abson anatambasula dzanja kuti agwire zilembozo.

"Osagwira na zala, atate," anatero Keziah, mokweza kuposa mmene ankafunira.

Dzanjalo linaima m'malere. A Abson analipukuta pa buluku, kutsogolo ndi kumbuyo, nalandira waya m'manja mwa mwanayo. Anamiza phazi la mtanda m'ndowa mosamala, mpaka madzi anaphimba mayina onse awiri. Kababu kanayakanso, ndipo iwo anakoka chitsa chija ndi mwendo, nakhala pansi.