Besi Yachitatu ya Pemphani

Magret anakoka waya wa sipika mwamphamvu mpaka soketi inatsala pang'ono kuzuka m'khoma.

"Pang'onopang'ono, iwe Magret," anatero amalume ake, a Leston, ataima pakhomo chipewa chili m'manja. "Zimenezi zikupita kutchalitchi. Zisakafike zothyoka."

"Zithyoke! Zandisautsa zaka zisanu ndi chimodzi zimenezi."

Panali patapita masiku atatu chimuikireni m'manda Pemphani, mlongo wake wamng'ono, amene anagundidwa ndi lole ali pa kabaza pochokera ku Chilinde. Anthu a pamaliro anali atabalalika, mabenchi atabwezedwa kwa eni ake. Chotsala chinali kugawa katundu wa malemu, ndipo a Leston ankafuna zithe dzuwa lisanafike pamutu kuti akakwere basi yobwerera ku Chiradzulu. Anali atagamula kale. Zovala zipite kumudzi, masipika kutchalitchi, kompyuta kwa mwana wawo Josiah amene ali kukoleji. Za m'kompyutamo akafufuta zonse, chifukwa mwana wasukulu alibe nazo ntchito nyimbo zopanda mawu.

Nyumba ya ku Kawaleyi anawasiyira awiriwo ndi makolo awo. Chipinda chakutsogolo Magret ankasokeramo, chakumbuyo Pemphani ankapangiramo nyimbo, ndipo pakati pawo panali khoma la njerwa imodzi lomwe silinkabisa ngakhale chifuwa cha munthu. Nyimbo zake Pemphani ankazitcha transi. Magret ankazitcha chigayo. Woimba munalibe, uthenga munalibe, kungoti ng'oma du, du, du, ndi besi, kulira kwakukulu kwapansi kuja, yogudubuzika pansi pake kuyambira m'mawa. Mapini ankavina patebulo mpaka kugwa. Mkwatibwi akamayesa diresi, galasi linkanjenjemera, iye n'kudziona ali ndi mphuno ziwiri. Magret ankamenya khoma katatu ndi chibakera, Pemphani n'kutsitsa pang'ono, pakatha ola n'kukwezanso.

Zonsezo akanapirira. Chimene sanakhululuke ndi cha miyezi itatu yapitayo. Tsiku lina bobini ya ulusi inamugwera pansi, ndipo atawerama kuti aitole anaona kabowo m'khoma, waya wakuda atatulukira pamenepo, kamaikolofoni katamatidwa ndi tepi kumwendo kwa makina ake. Magazi anamuwira. Pa makina a telala amayi amaulula zimene sangauze ngakhale abusa: za mwamuna amene wasiya kugona pakhomo, za mimba imene mwini wake sakudziwika. Ndiye mwana amene iye anam'bereka kumbuyo azimvetsera zimenezo ali kuseri kwa khoma? Anatenga sizasi n'kudula wayawo, kenako anakamutukwana pakhonde, anthu apamsewu akumva. Anamutcha kazitape.

"Achemwali, dikirani ndifotokoze," anatero Pemphani.

"Ukafotokozere chigayo chakocho!"

Pemphani naye anali ndi mtima wa bambo awo, wosapempha kawiri. Anatseka pakamwa, ndipo kuyambira tsikulo ankadutsana pakhonde ngati alendi odana. Magret ankadikira kuti apepese. M'malo mopepesa, munthuyo anakafa. Pamaliro anthu ankadabwa kuti misozi yake ikuvuta kutuluka, osadziwa kuti mkwiyo unali utatseka njira. Ankamukwiyira chifukwa cha wayawo, komanso chifukwa chomusiya ndi mkangano wopanda woutsiriza naye.

Anali atagwira waya wa sipika yachiwiri pamene pakhomo panamveka odi wa munthu wopuma wefuwefu. Anali Bahati, mnzake wa Pemphani, bambo wa ana awiri wokonza zamagetsi ku Biwi, yemwe Loweruka lililonse ankabwera kudzathandiza kupanga phokosolo. Anavula kapusi, anapereka moni kwa a Leston mogwada pang'ono, kenako maso ake anathamangira pakompyuta.

"Abambo, ndamva kuti katundu akuchoka lero. Ndikupempha masiku awiri okha. Muli nyimbo yomaliza ya malemu. Yangotsala kumiksa besi."

"Kutani?"

"Kusakaniza bwino, kuti zimveke. Mukafufuta, ndiye kuti yapita. Kulibe kwina kumene anaisunga."

A Leston anaseka mopanda chimwemwe. "Ine ndasiya fodya pamunda, ndagona pamkeka masiku asanu, ndiye ndikhale masiku ena awiri kudikira ng'oma? Akufa sadya nyimbo, achimwene. Komabe mwini nyumba ndi uyu. Magret, nena."

"Inyamuke lero lomwe," anatero Magret. "Ndipo inu a Bahati musandiyang'ane choncho. Munali limodzi pobowola khoma langa."

"Ndinabowola ndine, achemwali. Dirilo inali yanga."

Magret anasiya waya uja n'kuimirira. Akanakhala ndi sizasi m'manja, sitikudziwa kuti nkhaniyi ikanathera pati.

"Ndipo mukunena osaphethira! Munamva zingati? Za mayi Eva munamva? Za Jennifer wapachigayo? Munkaseka, eti?"

"Ndipatseni mphindi zisanu ndi sipika imodzi yatsalayi. Mukatero mundithamangitse, sindidzapondanso pano."

"Zisanu," anatero a Leston akuyang'ana wotchi. "Basi siidikira munthu."

Bahati anakhala pampando wa malemu n'kuyatsa kompyuta. Pagalasi panaoneka mizere yambiri yamitundumitundu, wina pamwamba pa unzake. Analoza itatu yapansi.

"Besi imene munkamva ija si imodzi, achemwali. Pemphani ankasanjikiza zitatu, ngati mmene mumasokera jekete: nsalu yakunja, yam'kati, ndi ija yolimbitsa kolala. Iyi ndi yoyamba, yapansi penipeni."

Anadina. Sipika sinalire kwenikweni, koma zenera linayamba kunthunthumira ndipo Magret anaimva m'chifuwa ndi m'mano.

"Ndi imeneyi mfiti yogwetsa mapini anga."

"Ndi imeneyo. Imeneyi khutu silimaigwira bwino, imamveka ndi thupi. Pafoni kapena pa kawailesi simungaimve n'komwe. N'chifukwa chake pamakhala yachiwiri." Anazimitsa yoyamba n'kuyatsa ina. Iyi inali ndi nyimbo yake, yonenepa, yokwera ndi kutsika. "Iyi ndiyo imanyamula chuni. Koma payokha ndi yofewa, ilibe mano. Ndiye pamwamba amaikapo yachitatu, yakuthwa, yoti ngakhale pafoni ya wakabaza munthu amve kuti besi ikuthamanga."

"Ndiye vuto n'chiyani? Zonse zilipo. Tsekani tinyamule."

"Mvetserani zikalira pamodzi."

Anayatsa zonse ndi ng'oma yomwe. Chinatuluka chinali chiphokoso chamatope, chilichonse chikupondereza chinzake. A Leston anatseka khutu limodzi ndi chala.

"Zikudyana," anatero Bahati atatsitsa. "Ziwiri zikakhala pamalo amodzi zimaphana, zonse n'kumveka zofooka. Pamafunika kudula yapakati kumunsi kuti isiyire yapansi malo, kudula yapamwamba kuti isalowerere yapakati, ndipo zonse zitatu zizipatuka ng'oma ikamagunda, n'kubwerera ikadutsa. Ntchito ya masiku awiri ndi imeneyo. Koma imene ndikufuna mumve ndi yachitatuyi payokha."

Anazimitsa zonse n'kusiya mzere umodzi.

Tchaka-tchaka-tchaka-khwe. Tchaka-tchaka-tchaka-khwe.

Magret anasendera pafupi ndi sipika. Kulirako ankakudziwa kuposa mawu a munthu aliyense wamoyo. Anali makina ake opalasa ndi phazi, omwe amayi awo anamusiyira. Ndipo "khwe" uja unali mfundo ya lamba, pamene unaduka chaka chatha iye n'kuulumikiza ndi kawaya. Makina ena onse mu Kawale sakanalira choncho.

Anawerama pagalasi. Kumanzere kwa mzerewo kunalembedwa kuti: *Phazi la achemwali.*

"Wakuba!" anakuwa Magret. "Wakuba weniweni! Osapempha bwanji? Pakamwa analibe?"

"Ankati akakupemphani mudzayamba kupalasa mwamanyazi, ngati munthu amene akujambulidwa chithunzi. Ankafuna mmene mumapalasira mukaiwala kuti kuli anthu. Ankajambula mukakhala nokha basi. Kasitomala akangoti odi, ankazimitsa. Ankati mawu a anthu amaipitsa besi."

"Bodza."

"Zimene anajambula ndi izi, zonse. N'zazifupi, mvetserani nokha."

Anatsegula zina. Munamveka makina okhaokha, ndi munthu akung'ung'udza nyimbo ya kwaya chapansipansi, mosasamala chuni. Magret anachita manyazi pozindikira kuti ndi iye. Kenako kanthu kanagwa n'kugudubuzika pasimenti. Mpando unakwekwereza. Mawu ake omwe, pafupi kwambiri: "Ichi n'chiyani?" Kenako sizasi, khwapu, ndipo zonse zinati zii.

Panja wogulitsa makala anadutsa akuitanira malonda ake.

"Chinanso ndi ichi," anatero Bahati akuloza nambala pamwamba pa galasi. "Nyimbo zathu zonse zimathamanga ng'oma 138 pa mphindi. Ndiye liwiro lathu, sitisintha. Iyi ili pa 132. Ndinakangana naye sabata yathunthu. Ndinati kompyuta ikhoza kufulumizitsa makinawo kuti agwirizane ndi nyimbo, ndi ntchito ya kamphindi. Anakana. Anati phazi la achemwali silikokedwa, nyimbo ndiyo itsike. Anabweza zonse, ng'oma, besi ziwirizi, chilichonse, kuti ziyende ndi inu."

Pansi pa mzerewo panali timawu tina tating'ono, tomwe Pemphani anadzilembera yekha. Magret anatiwerenga kawiri. *Yafupika, pomaliza ikufunika yaitali. Kupempha akaphwa mkwiyo.*

Miyezi itatu. Iye akudikira kupepesa mbali iyi ya khoma, winayo akudikira kuti mkwiyo uphwe mbali inayo, onse awiri ouma mutu ngati bambo awo. Magret anamva ukali ukukwera, woposa uja wa tsiku la sizasi, ndipo sanadziwe woti aukhuthulire. Wolakwa mmodzi anali m'manda. Winayo anali iye mwini.

A Leston anatsokomola. "Mphindi zisanu zakwana kalekale. Achimwene, zimitsani. Magret, bweretsa katoni."

Anasankha nthawi yolakwika akuluwo.

"Kompyuta sichoka."

"Wati bwanji?"

"Ndati sichoka. Ndi masipika omwe. Zovala tengani, nsapato tengani, koma izi zikhala pompano mpaka nyimboyi ithe."

"Si iwe unati zithyoke?"

"Ndinatero. Pano ndikuti zikhale. Josiah wanuyo anabwerako liti kuno kudzamuona Pemphani ali moyo? Pamaliro pomwe wangotumiza uthenga pafoni. Ndiye akafufute ntchito ya mlongo wanga kuti aziikamo mafilimu?"

"Magret, ukuyankhula ndi malume ako!"

"Ndikudziwa, amalume, ndipo ulemu wanu ndikupatsani. Mwatiikira maliro, zikomo. Koma munanena nokha kuti mwini nyumba ndine. Ndanena."

A Leston anavala chipewa m'nyumba momwemo, chizindikiro choti akwiya zenizeni. Ananena zambiri potuluka: za ana a m'tauni opanda mwambo, za tchalitchi chomwe anali atachilonjeza kale, zoti tsiku lina adzawafuna. Magret anawanyamulira chikwama cha zovala mpaka pamsewu, n'kuwaimitsira minibasi. Atabwerera anapeza Bahati akulumikizanso sipika ija Magret anaizula.

Magret analowa m'chipinda chake chosokera n'kutsitsa chitini cha mabisiketi chomwe ankasungiramo mabatani. Pansi pa mabataniwo panali kamaikolofoni kaja, ndi kachidutswa ka waya wake. Anali atakasunga ngati umboni, kuti tsiku la mlandu adzakaponye patebulo pamaso pa abale.

Anakapereka kwa Bahati. "Si ndinu a zamagetsi? Lumikizani."

Bahati anasenda mawaya ndi mano, anawapota, n'kukulunga tepi. Magret anagwada yekha pansi pa makina, anachotsa kansanza komwe anatsekera bowo lija, ndipo waya atatulukira anamata kamaikolofoniko pamwendo womwe uja, pamene zomata za tepi yakale zinali zikuonekabe.

"Tiyese kaye ndi ng'oma, timve ngati zikugwirizana," anatero Bahati kuseri kwa khoma. "Mukakonzeka mundiuze."

Magret anakhala pampando. Anatenga nsalu yotsala pa yunifolomu ya mwana wina, yaitali bwino, anaiika pansi pa singano n'kutsitsa chopondera. Anapukuta maso ndi mkono, chifukwa ulusi sunkaoneka bwino. Kenako anakunga chibakera n'kumenya khoma katatu.

Ng'oma inayamba kuseriko, du, du, du, mapini n'kuyamba kunjenjemera patebulo. Magret anagwira gudumu, analikankha, phazi n'kuyamba kupalasa mmene limapalasira masiku onse. Sanafunike kufulumira, sanafunikenso kudikira. Nyimboyo inali ikuyenda kale ndi phazi lake.