Nsapato za Rabab Pakhomo pa Holo

Moni owerenga okondedwa. Ndikuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka imvi zino ndikadali kuphunzitsa limba pa yunivesite yathu yakale ya ku Beirut.

Amishonale atakhazikitsa sukuluyi anamanganso tchalitchi chamiyala. Lero ndi holo ya misonkhano, ndipo ana a Akhristu, Asilamu ndi Adruzi amakhala pa benchi limodzi n'kumakangana za mpira. Koma limba lija likadalimo.

Chaka china, woliza limba pa tsiku lokumbukira oyambitsa sukulu anali Rabab, mtsikana wachisilamu wa ku Turo, wophunzira udokotala. Bambo ake, Haji Kazim, mlimi wa malalanje, atamva anatumiza mawu akuti sanaperekere mwana ku Beirut kuti azikaimba m'tchalitchi. Anati abwera kudzaona okha, ndipo akapeza kuti wataya mwambo amutenga, udokotalawo uthere pomwepo. Rabab analira, koma anati aliza basi. Ine ndinangopemphera.

Tsikulo kunagwa mvula. Limba lathu limalizidwa ndi manja ndi mapazi omwe, ndipo Rabab ankaponda timatabwa take tapansi ndi masokosi okha, chifukwa nsapato zinkamuterera. Popeza zinali zamatope, anazisiya pakhomo.

Haji anafika nkhope ili gwa. Ataona nsapatozo anazizindikira, poti anagula ndi iwowo. Anaima kanthawi, kenako anawerama n'kuvula zawo.

Ophunzira amene anali pambuyo pawo anayang'anizana. Wina anavula polemekeza mkuluyo, ena n'kutsatira.

"Vula iwe Jiryis," anatero mtsikana wina, "apulofesa aone chala chako chotulukira pasokosicho."

Apulofesawo nawo, ndi mikanjo yawo yamwambo, anavula. Ndinakumbuka Mose pa chitsamba choyaka moto, ndipo misozi inalengeza.

Rabab analiza mpaka mazenera ananjenjemera. Bambo ake sanasunthe.

Titatuluka, Haji anandigwira dzanja. Anati ankayesa kuti kuno tamuiwalitsa mwana ulemu, koma aona okha kuti m'nyumba ya Mulungu amalowa atavula nsapato. Rabab anandiyang'ana mondipempha kuti ndikhale chete. Koma wokalamba ngati ine, woti posachedwa akaima pamaso pa Mlengi, sangasunge mwana pasukulu ndi bodza. Ndinawauza Haji zoona zake, kuti mwana wawo anavula chifukwa nsapato zimamuterera pa limba.

Haji anatembenuka. Anayang'ana mulu wa nsapato pakhomo paja, ana a mitundu yonse akufunafuna zawo uku akuseka. Kenako nawo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye limba lanulo ndi Msilamu wabwino, aphunzitsi," anatero. "Mwana wanga, vala tizipita tikadye. Udokotalawo umalize, mawondo angawa akudikira iwe."

Ambuye amene anasonkhanitsa anawa pansi pa denga limodzi akusungeni inunso, awalitse nkhope yake pa nyumba yanu, ndipo akupatseni mtendere.