Kompyuta ya a Injiniya

Dzina loti Injiniya anachita kudzipatsa okha tsiku lomwe anakonza loko wa chitseko cha shopu, ndipo anthu a mumsewumo analilandira chifukwa linkawaseketsa. Shopuyo inali kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Munali tebulo, benchi ya makasitomala, makina a fotokope, ndi kompyuta yakuda yomwe inkakhala pansi pa tebulo n'kumalira ngati firiji yakale. Akazi awo ankagwira fotokope. A Injiniya ankakhala pa kompyuta, kulembera anthu makalata ofunsira ntchito ndi makadi a ukwati.

Kompyutayo inkachedwa mochititsa manyazi. Ukaiyatsa, unkatha kusesa shopu yonse, kukapereka moni kwa telala, n'kubwera kudzaipeza ikadazunguza kamkombero kake pa sikirini. Sikuti a Injiniya ankangokhala osachitapo kanthu ayi. Uthenga ukatulukira pa intaneti wakuti "Kompyuta yanu ikuchedwa? Dinani apa," iwo ankadina mwaulemu. Ankaona kuti anthu a kunjawo ndi achifundo kwambiri, kudera nkhawa munthu amene sanamuonepo.

Lachinayi lina kunabwera namwino wofuna kalata yoti ikafike ku ofesi isanakwane twelofu. Anakhala pa benchi mphindi makumi anayi akuyang'ana wotchi, kenaka anatola mapepala ake n'kuwoloka msewu kupita ku shopu ina. Akazi awo anangotenga foni n'kuimbira mng'ono wawo, yemwe ankakonza makompyuta pa kampani ina m'tauni.

"Mlamu wangayo adzaona chiyani chimene ine sindinachione?" anadandaula a Injiniya. "Mwana uja ndinkamugulira maswiti ine."

"Ndiye Loweruka mudzamugulirenso," anayankha akazi awo.

Mlamuyo anafika Loweruka masana ndi kachikwama kakang'ono. Anapereka moni, n'kukhala pampando wa a Injiniya osapempha. Iwo anaima kumbuyo kwake manja ali m'chiuno, ngati mphunzitsi woyang'anira mayeso.

"Alamu, mapulogalamu othamangitsa kompyutawa alimo angati?"

"Seveni," anayankha monyadira. "Ndipo onse amagwira ntchito usana wonse."

"Nanga oteteza ku mavairasi?"

"Atatu. Wina akagona, wina amakhala maso."

Mlamuyo anagwira pakamwa. "Palibe amene akugona, alamu. Atatuwa aliyense akuona mnzake ngati wakuba, ndiye akungogwirana pakhosi. Seveni enawo onse amadzuka limodzi mukangoyatsa, aliyense kufuna kusesa malo amodzimodzi. Kalata ya kasitomala idutsira pati?"

Anayamba kuwachotsa mmodzimmodzi. Aliyense asanachoke ankafunsa ngati akutsimikizadi, ndipo mtima wa a Injiniya unkawawa pang'ono, poti anazolowerana nawo. Kenaka mtsikanayo anazimitsa kompyuta, kuitulutsa pansi pa tebulo ndi kumasula chivundikiro. M'katimo munali fumbi lolukana ngati bulangete, mphemvu ziwiri zouma, ndi tsitsi la makasitomala a wometa lomwe linkalowera pawindo. Fani inali italemedwa moti inkangogwedeza mutu. Anaipukuta ndi kaburashi panja, telala akutsokomola ndi kutukwana chapansipansi, kenaka anatulutsa kachitsulo kobiriwira m'chikwama n'kukalowetsa m'malo mwake.

"Ako ndi kachiyani?"

"Kowonjezera memole. Kuti izitha kugwira zinthu zingapo nthawi imodzi."

"Ndimaganiza zomwezo," anatero a Injiniya. "Nthawi ndi imene inkandisowa."

Ataiyatsanso, mlamuyo anakwinya nkhope. "Koma malo adzaza. Muli foda iyi yadya pafupifupi disiki yonse. Mwailemba kuti 'Za boma, osatsegula.'"

Makina a fotokope anasiya kulira. Akazi awo anabwera pang'onopang'ono, akupukuta manja pa siketi.

"Za boma ziti, bambo?"

"Ndi zikalata chabe. Zachinsinsi."

"Boma linayamba liti kusunga zinsinsi zake pansi pa tebulo lathu? Tsegula, iwe."

"Asisi, mwina tiwasiye..."

"Ndati tsegula."

A Injiniya anaganiza zozula waya wa magetsi ndi phazi, koma unali kutali. Fodayo inatseguka mwachangu chimene kompyutayo inali isanaonetsepo chiigulireni, ndipo iwo anaitukwana mumtima chifukwa chosankha tsiku limenelo kukhala yomvera. Munali mavidiyo oposa mazana atatu. Mlamuyo anadina yoyamba.

Pa sikirini panaoneka a Injiniya eni ake, m'shopu momwemo, chitseko chili chotseka, atavala magalasi akuda, atagwira sitepula ngati maikolofoni. Ankaimba nyimbo yopeka okha, maso atatsinzina, mawu akukwera pamene sanayenera kukwera. Inali nyimbo ya mkazi wokongola wa pa fotokope, amene kuwala kwa makina kukamudutsa kumaso, mtima wa mwamuna wake umasindikiza makope zana. Ankadzijambula okha akazi awo akapita kukagula mapepala, ndipo nyimbo imodziyo anaibwereza zaka ziwiri osakhutira nayo.

Mlamuyo anagwetsa mutu pa tebulo, mapewa akunjenjemera. Wometa anasuzumira pawindo, lezala ili m'manja, kasitomala wake ali pambuyo ndi thovu kumasaya. Akazi awo anayesa kuumitsa nkhope, koma pofika pa makope zana paja anakhala pansi pa benchi n'kuseka mpaka misozi.

"Ine ndimayesa ndi akazi," anatero akupukuta m'maso. "Bola akanakhala akazi, bambo, ndikanadziwa chochita."

Komabe mlamuyo atafunsa ngati afufute, akazi awo ndi amene anakana. Anauza mng'ono wawo kuti asamutsire zonse pa fulashi, ndipo fulashiyo anaiponya m'chikwama chawo n'kutseka zipi.

Lolemba kompyuta inayaka a Injiniya asanamalize kukoka mpando. Kasitomala woyamba anali mphunzitsi wopuma ntchito, wofuna kalata ya tsamba limodzi. Anakhala pambali n'kuyamba kutchula mawu. A Injiniya anatambasula zala ziwiri zolozera n'kuyamba kusakasaka zilembo pa kiyibodi, chimodzi, kenaka chinzake. Kale akadina chilembo, kompyuta inkatenga nthawi kuti ichionetse, ndipo iwo ankapezerapo mpata wofunafuna chotsatira. Tsopano chilembo chinkatuluka nthawi yomweyo, kamzere n'kumaphethira pa sikirini, kudikira.

"Kodi yayambanso kuchedwa?" anafunsa mphunzitsiyo, akusuzumira. Anayang'ana sikirini, n'kuyang'ana zala. "Ooh. Ayi, pepani. Iyo ili bwino."

Patatha kotala la ola ali pa ndime yoyamba, akazi awo anawagwira paphewa. "Tandipatsani kaye, bambo. Fotokope yatha mapepala, takaikanimoni."

Akazi awowo anakhala pampando paja, zala zonse khumi n'kugwa pa kiyibodi ngati matalala pa malata. Sankayang'ana n'komwe pansi. Kalata inatuluka mu pulinta mphunzitsiyo asanapeze magalasi ake owerengera.

"Munaphunzira kuti zimenezi?" anafunsa a Injiniya, mtolo wa mapepala uli m'manja.

"Kusukulu ya ulembi, tisanakwatirane. Satifiketi yake munaipanga fotokope ndinu."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munati kompyuta imafuna munthu wodziwa zamakina."

Kuyambira tsiku limenelo a Injiniya anasamukira ku fotokope, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti anasankha okha, poti makina amenewo ndi ovuta kwambiri ndipo amafuna diso la katswiri. Lamulungu masana, shopu ili yotseka, akazi awo ankawakhazika pa kiyibodi, kuwaphimba manja ndi thaulo kuti asaone zilembo, n'kumawatchulira mawu. Sabata yoyamba analemba mzere wathunthu wopanda liwu ndi limodzi lomwe lomveka, ndipo anaumirira kuti kiyibodiyo ndi imene yayamba kuvuta.